Tsiku limene Abiti Sharifu anakana kwawo

Ndayendetsa minibasi pa msewu wa Zomba ndi Kachulu kwa zaka khumi ndi zinayi, ndipo msana wangawu ungakuwerengereni maenje onse a mumsewumo. Dzina langa ndine Jafeti. Zolembalemba si zanga, koma nkhani ya Abiti Sharifu yandiima pakhosi ngati munga wa nsomba, ndiye ndati ndiilavule. Mbali ina ya mlanduwu ndi yanga, ndipo ndiinena ikafika nthawi yake.

Dzina lawo la pachiphaso ndi Rahima, koma kuyambira padoko la Kachulu mpaka kumsika wa ku Mpondabwino palibe amene amawatchula choncho. Ndi mayi wamfupi, wa mawu aakulu osafuna chimkuzamawu, ndipo chiwadziwireni mpango wawo wakumutu sunapendekepo. Anabadwira m'mudzi wina kumpoto kwa doko, ulendo wa theka la ola wapansi. Sukulu anailekeza sitandade 2, ati atazindikira kuti choko si ndiwo. Anakwatiwa ndi msodzi, Che Shaibu, amene anatenga kolera ali m'zimbowera, tinyumba toyandama tija asodzi amagonamo pakati pa nyanja. Anzawo anapalasa nawo kudza kumtunda, koma anafika nawo atazizira kale. Anawasiyira mwana mmodzi wamwamuna, amene atakula anapita ku Joni. Zaka ziwiri zoyambirira ankaimba foni, kenako zii.

Maliro atatha, Abiti Sharifu sanakhale pansi kudikira chisoni cha anthu. Anatenga dengu n'kuyamba kupikula matemba padoko, kukagulitsa m'tauni. Anapeza kachipinda ka lendi ku Chikanda, kukula kwake ngati minibasi yangayi, ndipo akhalamo zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Ku Chikanda kukagwa maliro a mayi wa Chisilamu, amene amaitanidwa kukasambitsa ndi iwowa. Ana amene anabadwa iwo akuona, lero ali ndi ana awo. Lolemba ndi Lachinayi lililonse ankatsika nane kunyanja m'mawa, masana n'kubwerera ndi thumba lawo. Malo awo anali kumbuyo kwanga kwenikweni, kuti ndizimva bwino akamandinyoza.

"Achimwene Jafeti, galimoto yanuyi ikutsokomola ngati nkhalamba ya chingambwe. Tifika lero koma?"

"Pakadapanda matemba anu onunkhawa bwenzi titafika kale, achemwali."

"Fungo limeneli ndi limene limakugulirani mafuta."

Sindinawapambanepo pa mkangano ngakhale tsiku limodzi.

Koma chimene chinkawaimika Abiti Sharifu si matemba ayi. Bizinesi ya nsomba za ku Chilwa ndi ya mwayi: chaka china nyanja yaphwa, china yasefukira, Disembala aliyense makoka amaletsedwa. Chinkawagwiriziza ndi munda wa mpunga kudambo, umene mayi awo anawasiyira. Kuno munda umatsata mwana wamkazi, aliyense akudziwa. Nyanja ikatsekedwa, iwo ankakhoma loko pachitseko ku Chikanda n'kupita kukawokera mpunga, akugona m'nyumba yakale ya mayi awo. Mwezi wa Meyi ankapitanso kukadula. Mpamba ukalowa m'mimba, mpungawo ndi umene unkawadzutsa.

Mlongo wawo wamkulu, Che Rajabu, ndiye mwinimbumba. Ntchito ya mwinimbumba ndi kuyang'anira, osati kudya. Koma Che Rajabu anatengera mkazi wawo Amina pamudzi pomwepo, n'kuberekerapo ana asanu ndi awiri, ndipo ana a mwamuna alibe gawo pa munda wa azakhali awo. Mundawo ankauyang'ana momwe mphaka amayang'anira matemba oyanika. Chaka ndi chaka ankawauza mlongo wawo kuti munthu sakwera mabwato awiri, asankhe tauni kapena mudzi. Abiti Sharifu ankangoyankha kuti m'tauni amangokagonako, ndipo nkhani inkathera pomwepo chifukwa mbumba yonse inali mbali yawo.

Ndiye chinafika chaka cha namondwe chija. M'masiku atatu okha dambo lonse linasanduka nyanja, mpunga n'kumira utangoyamba kutulutsa ngala. Chaka chisanathe kwacha inagwa, mitengo n'kuuluka. Nanenso ndinakweza mtengo wa galimoto, sindikana. Makasitomala awo amene ankagula mulu wa matemba anathawira ku soya pisi ndi chisoso. Pofika Disembala Abiti Sharifu anali atadya mpamba, akuyala timilu tisanu pa chiguduli. Analibe ya mbewu, analibe ya aganyu, ndipo Lachinayi lina sanabwere n'komwe kudepoti.

Apa m'pamene tinamva kuti boma lapeza ndalama zothandiza osauka a m'mizinda, za miyezi itatu basi, ati kuti apumeko pamene zinthu zakwera. A m'mizinda okha. Chikwangwani cha malire a mzinda ndimachidutsa kanayi pa tsiku, koma sindinaonepo njala itaima pamenepo n'kubwerera. Phala la madeya limene ankagonera a ku Chikanda ndi lomwelo ankagonera a ku Kachulu. Kungoti njala ya m'tauni ili ndi mawu, imatha kutseka msewu ndi kuyatsa matayala, pamene yakumudzi imangogona chafufumimba. Zinandikwiyitsa, komabe ndinawasangalalira Abiti Sharifu. Ngati alipo munthu wosauka wa m'tauni, ndi iwowa.

Kwa nthawi yoyamba chimwalirireni mayi awo, Disembala ameneyo sanapite kukawokera. Alembi a mayina a thandizolo ankayenda khomo ndi khomo, tsiku losadziwika, ndipo amene wapezeka kulibe wadutsidwa basi. Anadikira masabata atatu. Tsiku lake anafika mayi wina wa chipewa, atanyamula foni yaikulu yolembera, thukuta lili kamukamu. Abiti Sharifu anandifotokozera okha zonse, mawu ndi mawu. Atafunsidwa dzina ananena. Atafunsidwa zaka anapereka chiphaso kuti mlembiyo awerenge yekha.

"Kwanu ndi kuti, mayi?"

"Kwathu ndi ku Kachulu, mwanangu." Anatchula mudzi, anatchula nyakwawa, anatchula mfumu yaikulu, mpaka mlambe wa pokhotera.

"Ndiye kuno mwangobwera?"

"Kuno ndimangogonako, ndimagulitsa timatemba."

"Kumudziko munda muli nawo?"

"Ee, wa mpunga, wa mayi anga. Mukadzabwera nthawi yokolola ndidzakutapiraniko."

Mlembiyo anathokoza mwaulemu n'kupita khomo lotsatira. Mayina atamatidwa pasukulu, la Abiti Sharifu panalibe. Linalipo la mayi woyandikana nawo, wofika ku Chikanda dzanadzanali, wa wailesi yakanema m'nyumba.

Tandiuzani, ndi Mmalawi uti amene ukamufunsa kuti kwanu ndi kuti amakutchulira nyumba ya lendi? Ineyo ndakhala ku Chinamwali zaka makumi awiri, koma mundifunse lero, ndikuuzani kuti kwathu ndi kumunsi kwa Likangala. Mlembi yemweyo mukanamufunsa akanati Ntcheu kapena Rumphi. Kwanu ndi kumene anakwirira mchombo wako, kumene adzakakuike ukafa. Ndikhulupirira kuti fomu yawo ya Chingelezi inkafunsa kumene munthu akukhala, iye n'kungoitembenuza mwaulesi. Abiti Sharifu anayankha zoona pa funso limene anafunsidwa, ndipo zoonazo zinawachotsa m'tauni imene anathera mawondo.

Kenako analengeza kuti padzakhala tsiku la madandaulo. Apa ndi pamene ine ndi nzeru zanga za padepoti ndinalowererapo. Ndinawapeza kumsika atakhala pa chiguduli, atagwira tsaya. Ndinawauza kuti boma sulankhula nalo ngati munthu, umaliuza zimene likufuna kumva.

"Tiyeni tiyeserere. Ine ndine mlembi. Kwanu ndi kuti, mayi?"

"Ku Kachu..."

"Ayi! Kwathu ndi konkuno ku Chikanda. Kumudzi ndilibe, munda ndilibe. Tanenani."

Anandiyang'ana ngati ndawatukwana.

"Walayi, achimwene, ndikakane manda a mayi anga pamaso pa anthu? Chifukwa cha ndalama za miyezi itatu?"

"Manda samva, achemwali. Likumva ndi boma. Mukanene kamodzi kokha, mulandire, mugule mbande mukawokere. Akakumveni ndani ku Kachulu?"

Tinayeserera kasanu. Kachisanuko mawu anatuluka, koma atangomaliza anatembenukira kumbali n'kulavula. Ine ndinaseka. Ndinadziona wochenjera kwambiri tsiku limenelo.

Tsiku la madandaulo ine ndinali pamsewu. Akuti pabwalo la sukulu panadzaza, akuluakulu ali pansi pa tenti, madzi a m'mabotolo ali patebulo. Itakwana nthawi yawo, Abiti Sharifu anaimirira n'kunena zimene ndinawaphunzitsa. Ali mkati monena misozi inayamba kutsika. Inali misozi ya manyazi, koma a pansi pa tenti anaiona ngati ya umphawi, ndipo inawakhudza. Dzina linalembedwa pompo. Akuchoka, bambo wina anawatsatira ndi kachipangizo m'manja, n'kuwapempha kuti abwereze momveka bwino, ayambe ndi dzina. Iwo ankayesa kuti ndi mlembi wina wa kalembera yemweyo, ndipo anaopa kuti akasintha mawu awafufuta. Anabwereza, n'kuwonjezera ndi zawo kuti zimveke. Bamboyo anali mtolankhani wa pawailesi.

Patapita masiku anayi ndinkatsika ku Kachulu masana, galimoto itadzaza. Kutsogolo kunakhala Che Rajabu, amene ankachokera kogula ulusi wosokera makoka. Wailesi inali pa nkhani. Atatha kulankhula bwana wina wothokoza boma, tinangomva mawu amene aliyense m'galimotomo ankawadziwa.

"Ine ndine Rahima Sharifu."

Dzanja langa linathamangira pa wailesi, koma Che Rajabu analigwira.

"Adalaivala, isiyeni. Takwezaniko pang'ono."

"Kwathu ndi konkuno ku Chikanda. Kumudzi ndilibe, munda ndilibe, m'bale ndilibe. Amene wandikumbuka ndi boma basi."

Che Rajabu sanakwiye, ndipo kusakwiyako ndi kumene kunandiopsa. Anatembenuka pang'onopang'ono kuyang'ana anthu akumbuyo, n'kuti, "Mwamva nonse eti? Sindinanene ndine."

Akuluakulu amati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakutsata. Mawu aja kuwailesiko anawakonda, moti ankawabwereza m'mawa ndi madzulo sabata yathunthu. Padoko osoka makoka ankawayeserera n'kumaseka. Ine ndinaona zonsezi, koma sindinawauze Abiti Sharifu kuti mlongo wawo wamva. Anzawo kumsika atawauza kuti atchuka pawailesi, iwo anangoti za m'tauni zimathera m'tauni. Kudoko sankatsika masiku amenewo chifukwa analibe chokapikulira. Ndinkati mawa ndiwauza, mawa ndiwauza. Anali mantha basi, ndisakunamizeni.

Ndalama zinalowa pafoni mu Febuluwale, za miyezi itatu pakamodzi. Anatseka pakamwa pa alandilodi, anagula shuga, sopo ndi chitenje cha alamu awo Amina, zotsala n'kumanga pamfundo kuti akagule mbande kwa anzawo, awokere ngakhale mochedwa. Tsiku limenelo anakwera akung'ung'udza nyimbo. Titafika ku Kachulu ndinasiyira kondakitala galimoto pamzere, ndinati ndiwanyamulire katundu mpaka kumudzi. Anadabwa, koma anandisiya.

Njira yake imadutsa m'mbali mwa dambo. Titafika pa munda wawo anaima. Unali wobiriwira kuchokera uku mpaka uko, wowokeredwa m'mizere, wopalira bwino.

"Taonani, achimwene Jafeti! Che Rajabu andiwokerera. Ndimangowanena chabe, magazi ndi magazi. Allah awadalitse."

Ndinalakalaka nthaka itang'ambika n'kundimeza pomwepo. Ndinangoti tiyeni, dzuwa likutentha.

Pakhomo tinapeza Che Rajabu ali pakhonde akusoka khoka. Amina atationa anathamangira m'nyumba, n'kutuluka ndi mkeka watsopano uja amasungira alendo a pa Idi. Anauyala pansi pa mtengo wa mango, kutali ndi khonde, anagwada n'kupereka moni wa anthu ochokera kutali. Abiti Sharifu anaseka.

"Alamu, mwayamba liti kundiyalira mkeka? Tandipatsani kiyi ndikasiye katundu m'nyumba mwa mayi."

"M'nyumbamo muli anthu," anayankha Che Rajabu osadzutsa mutu. "Mwana wanga wamkulu walowamo ndi mkazi wake. Nyumba yopanda mwini imagwa. Munda nawonso sungagone."

"Wopanda mwini bwanji, achimwene, ine ndili moyo?"

"Ife tinamva kuti mlongo wathu alibe mudzi, alibe munda, alibe m'bale. Dziko lonse linamva. Mayi aang'ono analira tsiku lonse ngati pagwa maliro. Mbumba inakhala pansi, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anatsegula pakamwa kukuikirani kumbuyo. Nanga ubale ndi wokakamiza?"

Apa ndinalowererapo. Ndinanena kuti mawuwo ndinawaphunzitsa ndine, kuti inali njira chabe yopezera thandizo, kuti Abiti Sharifu anakana mpaka ndinachita kuwaumiriza. Ndinalumbira pali Mulungu, ndinatchula ndi malemu bambo anga omwe. Che Rajabu anandimvetsera mpaka ndinamaliza.

"Mwakhoza, adalaivala. Koma pakamwa panali pa ndani?"

Anatulutsa foni m'thumba la mkanjo. Wina anali atawajambulira mawu aja kuchokera pawailesi. Anabwera nayo, anaiika pa mkeka n'kudina, ndipo Abiti Sharifu anadzimva okha akukana kwawo, atakhala pabwalo limene anaphunzirira kuyenda. Sanalire. Mayi amene amatha kuzazira msika wonse anangotsamiritsa manja pa paketi ya shuga.

"Mukafuna tipite kwa mfumu, tipita," anatero Che Rajabu. "Kukhoti ndiye bwinonso. Mukanene kumeneko kuti munanamiza boma n'kudya ndalama zake."

Akati munda ndi wawo, ndiye kuti anaba za boma. Akati sanabe, ndiye kuti munda alibe. Msampha wotere Che Rajabu sakanautchera okha, nzeru zawo ndimazidziwa. Anautchera ndine ndi mlembi uja, iwo anangobwera kudzawonjola.

Amina anabweranso ndi madzi m'kapu ya galasi, anagwadanso. Za mumtima mwake sindizidziwa, mwina ankamva chisoni ndithu, chifukwa maso sankadzutsa.

"Alendo, tigwire nkhuku, kapena mubwerera lero lomwe?"

Tinabwerera tsiku lomwelo. Shuga, sopo ndi chitenje anazisiya pa mkeka pomwepo.

Ndalama zija zinatha Epulo asanathe, mitengo sinatsike, ndipo alembi sanabwerenso. Pawailesi akuluakulu anati ntchitoyo yayenda bwino kwambiri, mabanja ambiri apindula. Sindikutsutsa, ena anapumadi. Koma thandizo linali la miyezi itatu, munda unali wa moyo wonse, ndipo palibe bwana amene adzabwere ndi tenti yake kudzafunsa zimenezo. Abiti Sharifu ya mbande ija anaisandutsa mpamba. Nyanja itatsegulidwa anayambanso kutsika nane Lolemba ndi Lachinayi, koma padoko sapitirira. Galimoto yanga anasiya kuinyoza, ndipo ine sanandidzudzulepo ngakhale kamodzi. Akanandithira mbama bwenzi ndikugona bwino.

Mwezi wa Meyi, Lachinayi lina, tinanyamula matumba anayi a mpunga wa makoko opita kuchigayo m'tauni. Mwini wake anangowatumiza, iye osakwera. Abiti Sharifu anachedwa pang'ono padoko, anapeza mipando yadzaza. Kondakitala wanga anali watsopano, nkhani sankaidziwa.

"Khalani apa, mayi, pa thumba la Che Rajabu. Ndi lofewa kuposa mpando."

Ndinafuna kukuwa, koma iwo anali atakhala kale. Ndinkawaona pagalasi. Matemba awo anali pamiyendo. Thumbalo linali ndi kabowo pakona, njere zikugwa tikagunda dzenje. Anatola njere imodzi, anaisenda ndi chikhadabo, anaiika pa dzino n'kuluma. Anatolanso ina, n'kuchita chimodzimodzi.

"Achimwene Jafeti."

"Achemwali."

"Adula msanga. Chigawo chakumunsi chija chimachedwa kukhwima, chimafuna sabata ina pamwamba. Uwu akapita nawo kuchigayo uphwanyika wonse." Anapukuta zala pa chitenje. "Chaka chamawa asadzathamangire, mundawo sanaudziwe. Mukawauze ndinu, ine sindingakafikeko."